Nzeru za ntchito zisamakwere basi ya Disembala ndi munthu mmodzi

Abale anga amene muli ndi timabizinesi kuno ku Joni, kapena ndinu akapitawo pamalo pa bwana wina, nkhani iyi yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi ndithu. Ine ndimayendetsa kagulu ka anyamata osamala magadeni ndi ma pool kuchokera ku Randburg mpaka cha ku Fourways, tilipo anthu 9. Chaka china mu Disembala madala athu ena a ku Mzimba amene anali nafe kuyambira pachiyambi ananyamuka wa kumudzi, tinawaperekeza bwinobwino pa Park Station akuti ndibwera pa 10 Januwale, koma atafika anapeza mayi awo ali gone kudwala kwambiri ndiye sanabwere mpaka Epulo. Miyezi itatu imeneyo ndi pomwe ndinaona kuti theka la bizinesi yanga linali m'mutu mwa munthu mmodzi. Ndi iwo ankadziwa kuti nyumba yakuti pampu yake siikoka pokhapokha uyambe wathira madzi m'kabasiketi, nyumba yakuti galu wamkulu uja saluma koma kakang'ono kaja ndi kamene kamakugwira mwendo, gogo wachizungu uja safuna munthu akhudze maluwa ake a rozi mpaka kumapeto kwa Julayi. Mnyamata amene ndinamutumako anatembenuza valavu ya fyuluta pampu ili mkati moyenda, raba ya mkati inang'ambika, mvula ya mabingu ija ya Januwale inabwera, pakutha masiku anayi madzi anali biriwiri ngati thamanda. Tinataya makasitomala awiri olipira mwezi ndi mwezi. Ndipo mnyamatayo sanalakwe ayi, palibe anamuuza.

Kumakampani akuluakulu nkhani imeneyi amaitcha knowledge management, ndipo ili ndi maofesi ake ndi anthu olipidwa chifukwa cha iyo basi. Koma musaope dzinalo, ndi nkhani yoonetsetsa kuti zimene mmodzi wa inu akudziwa zifike kwa amene akuzifuna pa nthawi yake, kaya ndi m'chipatala, m'fakitale, m'khitchini ya lesitilanti kapena pa baki ya magadeni ngati yanga. Ndikuuzani mmene ife tinachitira, mutengepo zimene zikugwirizana ndi ntchito yanu.

Choyamba, tengani pepala ndi cholembera, lembani mayina a anthu onse amene mumagwira nawo ntchito, inunso mudzilembe. Pa dzina lililonse dzifunseni funso limodzi, munthu uyu akapanda kubwera mawa, chimene chiime n'chiyani? Musayankhe mothamanga. Ngati muli ndi khitchini ku Mayfair kapena ku Fordsburg mwina mupeza kuti ndi mayi mmodzi yekha amene amadziwa muyeso wa zokometsera za biriyani komanso nthawi yabwino yokagula anyezi ndi tomato ku maketi ya City Deep. Ngati ndinu telala, miyezo ya makasitomala anu ili pati, m'buku kapena m'mutu mwa mnyamata wodula nsalu? Inu ma transipota amene mumanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, ndani amadziwa mapepala amene amafunika pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Mwanza, ndipo dalaivala ameneyo akadwala ulendo ungachitike? Ku galaja, ku saluni, kwa alonda, nkhani ndi yomweyi. Paliponse pamene mwapeza ntchito yofunika yokhala ndi dzina limodzi lokha, zunguzani ndi cholembera. Pamenepo ndi pamene denga lanu likudontha, ndipo muyambire pomwe pangakutayitseni ndalama zambiri, musafune kukonza zonse tsiku limodzi.

Chachiwiri, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ambiri amagwera pomwepa, zindikirani kuti nzeru za ntchito zili mitundu iwiri. Pali zimene zimalembeka, monga nambala ya sapulaya, mtengo wa thumba la feteleza, kapena kuti pH (muyeso wa asidi) ya madzi a pool izikhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Ndiye pali zina zimene zili m'manja, m'maso ndi m'makutu mwa munthu, iye mwini sadziwa n'komwe kuti akuzidziwa. Makaniko wabwino amamva injini ikulira n'kudziwa kuti vuto lili pati, mumufunse wadziwa bwanji akuuzani kuti ndangomva basi. Mayi wophika nsima ya anthu 50 sayeza ufa ndi sikelo, dzanja ndi limene limamuuza pa mthiko. Katswiri wina wotchedwa Michael Polanyi analemba za zimenezi cha m'ma 1960, kuti munthu amadziwa zambiri kuposa zimene angathe kufotokoza, ndipo pambuyo pake aphunzitsi awiri a ku Japan, Ikujiro Nonaka ndi Hirotaka Takeuchi, anaonetsa mu 1995 mmene makampani a kwawo amasandutsira nzeru za m'manja kukhala za kampani yonse.

Chitsanzo chawo chimodzi chimandisangalatsa kwambiri. Mu 1985 kampani ya Matsushita, imene lero timaidziwa kuti Panasonic, inkapanga makina ophikira buledi kunyumba koma buledi wake sankatuluka bwino, mainjiniya anayesa izi ndi izi osaphula kanthu. Mayi wina wa m'gulu lawo, Ikuko Tanaka, anapita kukaphunzira kukanda ufa kwa mkulu wophika buledi pa hotela ina ya ku Osaka, n'kumakanda naye limodzi, mpaka anaona kuti mkuluyo sakungokoka ufa koma akuupotokolanso pokokapo. Wophikayo sakanatha kunena zimenezo pakamwa. Anazitengera ku fakitale, anasintha makinawo, buledi anayamba kutuluka bwino. Ndiye inu mukapeza kuti nzeru imene mukufuna ndi ya m'manja, musamupatse munthu fomu yoti alembe, mudzangolandira mizere iwiri yopanda kanthu. Muikeni wina pambali pake agwire naye ntchito, aone, ayese, alakwitse ali pomwepo.

Chachitatu, tulutsani nzeruzo m'mitu. Foni yomwe muli nayoyo yakwana. A madala atabwera mu Epulo sindinawaitanire ku miting'i, ndinakhala nawo kumbuyo kwa baki nthawi ya lanchi tikudya papa ndi nkhuku, ndinayatsa rekoda ya pafoni n'kuwauza kuti, madala, tandiyendetseni nyumba ya nambala 14 ija kuyambira pageti, mukafika mumayamba chani? Poyamba ankangoti aaa palibe chovuta achimwene, ndi kutchetcha basi. Ndiye ndinasintha funso, ndinati ndi chani chimene chinakuvutanipo pa nyumba imeneyo, tsiku limene bwana wake anakalipa linali liti? Apo ndiye anamasuka, anayankhula mphindi 20 osapuma, za paipi yothirira imene ili pansi pa kapinga pafupi ndi khoma yomwe makina amaidula ukatsitsa mpeni kwambiri, za mpanda wamagetsi umene umalira alamu nthambi ikaugunda, za kuti mayi a m'nyumbamo amagwira ntchito usiku ndiye makina asalire isanakwane 9 koloko. Funso lakuti mumachita bwanji silitulutsa kanthu, koma lakuti chinakuvutanipo n'chiyani limatsegula zonse. Msiyeni munthu ayankhule chiyankhulo chimene ali nacho momasuka, Chitumbuka, Chiyao, Chitonga, Chizulu, mudzamasulira pambuyo. Ntchito ya manja ijambuleni vidiyo yaifupi, mphindi imodzi kapena ziwiri, kamera iloze pamanja osati pankhope, ndipo vidiyo imodzi ikhale ya chinthu chimodzi kuti isadye data.

Chachinayi, zonse zikhale malo amodzi odziwika. Apa ndinene mosabisa, gulupu ya WhatsApp ya masiku onse si malo osungira nzeru. Lero mwaika malangizo abwino, mawa akwiriridwa ndi mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa ndi zampira, ndipo foni ikabedwa pa taxi rank kapena munthu akasintha nambala zonse zapita. Ife tinatsegula gulupu yachiwiri imene amalemba ndi ma admin okha, mulibe moni mulibe macheza, komanso foda pa Google Drive yokhala ndi tsamba limodzi pa nyumba iliyonse. Koma chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi buku lachikuto cholimba limene limakhala mu baki, chifukwa magetsi akathima kapena netiweki ikavuta buku silifuna chaja. Tsamba lililonse lili ndi zinthu zomwezomwezo, tsiku lopitako, zimene kasitomala amafuna, zimene amadana nazo, pomwe pali switchi ya pampu ndi pompi, zoopsa za pamalopo, ndi deti limene tsambalo linakonzedwa komaliza. Wa lesitilanti tsamba lake likhale la chakudya chilichonse, wa galaja la galimoto iliyonse, transipota la boda iliyonse.

Chenjezo pang'ono. Manambala a pageti, ma alamu, manambala a foni ndi ma adiresi a makasitomala musamaike pa gulupu kapena m'buku loyenda nalo. Kuno kuli lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, komanso tonse tikudziwa kuti nyumba ikathyoledwa woyamba kumuloza chala ndi wa m'gadeni, makamaka akakhala wobwera. Zimenezo zizikhala ndi anthu awiri okhulupirika basi, m'buku muzilemba nambala yanuyanu ya nyumbayo osati adiresi.

Chachisanu, pa ntchito imene kuiwala chinthu chimodzi kumawononga zambiri, pangani kamndandanda kochonga. Ena amaona ngati ndi kunyoza munthu wodziwa ntchito, koma kanayambira kwa akatswiri enieni. Mu 1935 ndege yatsopano ya Boeing inagwa itangonyamuka pa Wright Field ku America, woyendetsa anali katswiri woyesa ndege koma loko ya ziwongolero inali isanamasulidwe, ndipo kuchokera pamenepo oyendetsa ndege anayamba kuwerenga mndandanda asananyamuke. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wa mfundo 19 woti madokotala ndi manesi azidutsamo pochita opaleshoni, zinthu zooneka zazing'ono ngati kutsimikiza dzina la wodwala, mbali yoyenera kung'amba, ndi kuwerenga zipangizo asanasoke. Ngati dokotala wa opaleshoni amachonga, ife tikanirenji? Wathu wa pool uli ndi mizere 6 yokha, thimitsa pampu usanagwire valavu, tsuka basiketi, backwash (kubweza madzi kuti atsuke fyuluta), thimitsanso, rinse (kutsukuluza), bwezera pa filter n'kuona ngati taima (kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa pampu) ili pa nthawi yolondola. Tinaumata mkati mwa chivundikiro cha bokosi la mankhwala. Ukatalika kupitirira mizere 10 palibe amene adzauwerenge, ikanimo zokhazo zimene anthu amaiwaladi.

Chachisanu ndi chimodzi, muzikhala pansi ntchito ikatha. Asilikali a ku America ali ndi kachitidwe kofunsana mafunso anayi akamaliza ntchito, timafuna chichitike n'chiyani, chachitika n'chiyani, kusiyanako kwabwera bwanji, ulendo wina tidzatani. Ife timachita Lachisanu lililonse tikamatsitsa zida, mphindi 15, tili chiimire. Pakakhala vuto lalikulu timabwereka njira ya a Toyota, omwe aja amapanga Hilux ku Prospecton ku Durban, imene mkulu wawo wina Taiichi Ohno ankaphunzitsa, yofunsa kuti chifukwa chiyani kasanu mpaka ufike pa muzu. Tsiku lina pool ina inabiriwiranso. Chifukwa chiyani? Pampu simayenda maola okwanira. Chifukwa chiyani? Taima inasokonekera. Chifukwa chiyani? Ndi taima yakale yozungulira ija, magetsi akathima nayo imaima, ndiye ndi loadshedding ya masabata angapo inatsalira maola ambiri. Nanga bwanji palibe anaikonza? Mnyamata sankadziwa kuti imafunika kubwezera. Bwanji sankadziwa? Sizinalembedwe paliponse. Mukuona, tikanaima pa funso loyamba tikanangomukalipira mfana uja n'kugula mankhwala ena, mwezi wamawa vuto lomwelo. Lamulo la pa nthawi imeneyi ndi limodzi, palibe kudula munthu malipiro chifukwa cha zimene wanena yekha pa bwaloli. Mukangochita kamodzi kokha, mwatseka pakamwa pa onse, azidzabisa zolakwika mpaka kasitomala ndi amene adzakuuzeni. Safunsa anadya phula, inde, koma nthawi zambiri safunsayo amakhala kuti anaopsezedwa ndi kapitawo.

Tsopano chachisanu ndi chiwiri, chimene kwa ine ndi mtima wa nkhani yonse. Anthu sabisa nzeru chifukwa cha nkhanza. Amabisa chifukwa cha mantha. Munthu wasiya ana kumudzi, akulipira lendi ya kachipinda ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, mwezi ukatha ayenera kutumiza ya feteleza ndi ya fizi pa Mukuru, ntchito kuno ndi yosowa, ndipo chokhacho chimene chimamuteteza kuti asachotsedwe ndi chakuti iye yekha ndiye amadziwa makina aja. Ndiye inu mukubwera ndi foni kuti tiuze zonse tijambule, mukuganiza kuti mumtima mwake akumva chani? Akumva kuti bwana akufuna andikame kenako alembe mwana wotchipa. Ndipo tisanamizane, mabwana ena amachitadi zimenezo, ndi khalidwe loipa ndipo limapha bizinesi yawo yomwe chifukwa otsalawo amaona.

Ine ndinawauza a madala maso ndi maso kuti ntchito yawo siikutha, ikukwera, ndipo ndinawaonjezera ndalama pamwezi chifukwa chophunzitsa anzawo, ndinalemba papepala tonse tinasaina. Chinanso chimene sichidya ndalama koma chimagwira mtima, nzeru iliyonse m'buku imalembedwa ndi dzina la amene waibweretsa. A Xerox, kampani ya makina a fotokope, anachita zomwezi m'zaka za m'ma 1990 ndi dongosolo lawo lotchedwa Eureka, amisiri okonza makina ankalemba njira zimene atulukira, anzawo n'kuziyesa kaye ngati zikugwiradi, kenako zinkafalitsidwa kwa onse zili ndi dzina la mwini wake. Munthu amanyadira kuona dzina lake likuthandiza anzake amene sanawaonepo. Kwathu mnyamata wamng'ono kwambiri ndi amene anabweretsa nzeru yojambula chithunzi cha gadeni tisanayambe ndi tikamaliza, milandu ya mwathyola mphika wanga wa maluwa inatheratu, ndipo tsamba limenelo lili ndi dzina lake pamwamba. Inunso eni bizinesi muyambe ndinu kutulutsa zanu, mmene mumawerengera kotesheni, komwe mumagula zinthu motchipa, mmene mumayankhulira ndi kasitomala wochedwa kulipira. Simungauze anthu kuti atsegule manja inu mutafumbata.

Chachisanu ndi chitatu, ntchito iliyonse yofunika ikhale ndi anthu awiri oidziwa, ndipo wachiwiriyo aziigwiradi osati kungomva. Muzisinthanitsa anthu, sabata ino uyu apite ndi uyu. Wopita kutchuthi ayambe kusiyira mnzake ntchito kudakali masabata atatu kapena anayi, sabata yoyamba watsopano akuonerera, yachiwiri akugwira mwini wake akuyang'ana, yachitatu apite yekha mwini wake ali pafoni. Kwa ife Amalawi nthawi yake ndi Novembala, osadikira munthu wagula kale tikiti katundu ali m'matumba.

Chomaliza, muziyeza ngati zikuthandiza, apo ayi mudzatopa nazo. Sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zosavuta kuwerenga, munthu watsopano amatenga masiku angati kuti ayambe kupita yekha, kangati pamwezi kasitomala wakubwezani kuti mukakonzenso, ndalama zingati zapita pa zinthu zowonongeka kapena chakudya chotayidwa. Lembani manambala a mwezi uno musanayambe, mudzafananize pakatha miyezi itatu. Kwa ife ulendo wobwerera kukakonzanso ndi umene unkadya petulo ndi nthawi, ndipo ndi umene unayamba kutsika. Amene mukulota zodzapeza ma kontrakiti a makampani akuluakulu kapena ma complex, dziwani kuti muyezo wa padziko lonse wa kayendetsedwe kabwino ka ntchito, wotchedwa ISO 9001 wa 2015, uli ndi ndime 7.1.6 imene imafuna kuti bungwe lizidziwa nzeru zimene ntchito yake imafuna, lizisunge ndipo zizipezeka, komanso mu 2018 kunatuluka ISO 30401 wonena za nkhani imeneyi payokha. Kabuku kanu ka mu baki ndi chiyambi cha zomwezo. Koma buku lakale limanamiza kuposa kusakhala nalo, kasitomala wasintha pampu, wagula galu wina, pa boda asintha fomu, ndiye pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kudutsa masamba onse kamodzi pamwezi, kufufuta zakale n'kulemba deti latsopano.

Ife chaka chino a madala akunyamukanso mu Disembala, akuti akufuna akafolere nyumba ya mayi awo ndi malata mvula isanalimbe. Mnyamata amene adzagwire nyumba zawo ndi yemwe uja anang'amba raba ya valavu, wayamba kale kukwera nawo baki Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo sabata yatha anabwera yekha kudzandiuza kuti pa tsamba la nyumba ya gogo uja tiwonjezere mzere, geti yaing'ono ya kumbuyo izitsekedwa ndi waya chifukwa kagalu kaja kaphunzira kukankha loko ndi mphuno.